A Felton, Mmisiri Amene Anafunsa za Matabwa

A Felton Chimbalanga anali mmisiri wa matabwa m'mudzi wina kuseri kwa Mvera. Lusoli analiphunzira ku mishoni, ndipo zitseko zambiri za m'deralo, mipando ya m'tchalitchi ngakhale mabokosi a maliro zinadutsa m'manja mwawo. Sanali munthu wolankhulalankhula. Mkazi wawo, a Tabita, ankati bambowa amacheza bwino ndi sowo kuposa ndi anthu.

Pakati pa mudziwo ndi chipatala panali mtsinje wopanda mlatho. Dzinja lina mwana wawo Andreya anadwala malungo. Anamubereka mpaka pamtsinjepo koma anapeza madzi atasefukira, ndipo mwanayo anatsirizikira pagombe akudikira kuti madzi aphwere.

Mu 1974, anthu atadandaula zaka zambiri, lole ya boma inabweretsa matabwa ndi misomali ya mlatho. Anaziunjika pabwalo pa a Felton, iwo nayamba kuyeza ndi mtima wonse. Sabata isanathe, kunamveka kuti kukubwera alendo akuluakulu a chipani. Tcheyamani wa m'deralo anafika ndi gulu lake nalamula kuti matabwawo amangire nsanja yokhalapo alendo, ndiponso chipata chowalandirira. A Felton anamanga, ndipo anamanga bwino, pakuti ntchito yoipa sankaidziwa.

Pamsonkhano wokonzekera mwambowo anaimirira, chipewa chili m'manja.

“Pepani akuluakulu, ndingofunsako. Kodi alendo akapita, matabwawa abwerera kumtsinje? Nsanjayi ndi ya tsiku limodzi, koma mvula imabwera chaka chilichonse.”

Anthu anangoweramitsa mitu.

Patapita masiku atatu, apolisi anawapeza akupala thabwa m'mawa, nawakweza m'galimoto. A Tabita anathamangira galimoto akufunsa chimene amuna awo alakwa, koma anangouzidwa kuti abwerere kunyumba.

Kukhoti sanapite nawo, ndipo mlandu sanawauze. Kundendeko anapezako aphunzitsi, makalaliki ndi alimi, ambiri osadziwanso chimene anamangidwira. Ankalima kuyambira m'mawa, nadya nyemba zofumbwa. Kalata sinkaloledwa kulowa kapena kutuluka. Akuluakulu a ndende atamva kuti ndi mmisiri, anawapatsa ntchito yokhoma zitseko za zipinda zatsopano, chifukwa akaidi anali atachuluka. Matabwa ake anali a mlombwa, okhuthala, ndipo misomali sinkasowa. Tsiku lina mphunzitsi amene ankagona naye pafupi anawapeza atagwira chitseko, misozi ikutsika. Atawafunsa, anangoti mtengo wotere sanaugwirepo chibadwire.

Anakhalako zaka zinayi ndi miyezi isanu ndi iwiri. Tsiku lowatulutsa anawauza kuti akhululukidwa, ndipo asakauze munthu zimene aona.

Kumudzi anawalandira ndi Roza, mwana wawo wamkazi, ali ndi khanda kumsana. A Felton anayang'ana kukhomo, akudikira kuti wina atuluke.

“Amayi anatisiya chaka chatha, bambo,” anatero Roza. “Tinasowa kokuuzirani.”

Anawafotokozera kuti a Tabita anapita kuboma kasanu, atanyamula bulangete ndi mtedza wokazinga, ndipo ulendo uliwonse ankauzidwa kuti dzina limenelo kulibe. Anthu ena anasiya kuwapatsa moni poopa kuonedwa. A Felton anamvetsera zonsezi atakhala pakhonde, kenaka anapempha kuti awaperekeze kumanda.

Maso awo anali atafooka, manja akunjenjemera. Ntchito zazikulu anazisiya, nkumangosema mipini ya makasu ndi mithiko pansi pa mtengo wa mango. Adzukulu akamasewera pafupi ankamwetulira, koma galimoto ikamveka kumsewu ankalowa m'nyumba.

Anamwalira mu 1985, nthawi yokolola mtedza. Pamaliro, mkulu wa mpingo anawerenga mbiri yawo: chaka chobadwa, ubatizo, ukwati, ana ndi ntchito zimene anagwirira mpingo. Atafika pa 1974 anatsokomola pang'ono, nanena kuti malemuwa anachokapo pamudzi kwa kanthawi. Roza anadzutsa mutu kumuyang'ana, koma mkuluyo anali atayambitsa kale nyimbo.