Mayi Khairunisa Alowa M'kalasi

Inu amene mukuona ngati nthawi yophunzira inakudutsani, imvani za Mayi Khairunisa a ku Leicester, ku England.

M'mawa wina wa mu Novembala 2016, mayiwa analandira foni yakuti athamangire kuchipatala chifukwa amuna awo anali atatsala madzi amodzi. Anakwera basi ndipo anafika msanga ndithu. Koma wodwalayo anali atasamutsidwira ku wodi ina, ndipo wolandira alendo anangowauza dzina la wodiyo n'kuwalozera zikwangwani kuti azitsatira.

Mayi Khairunisa sankatha kuwerenga. Anazungulira m'chipatalamo, kukwera, kutsika, akuchita manyazi kufunsanso. Pamene ankaipeza wodiyo, amuna awo anali atatsirizika.

Anakhala pampando wa pakhomo, akuyankhula okha chapansipansi: "Ndachedwa chifukwa cha umbuli wanga."

Nesi wina, Evelyn, wa ku Mulanje, anaima atamva Chichewa kuchokera kwa mayi wovala chimwenye.

"Anti, ndinu akwathu?"

"Ndinabadwira ku Namwera, mwanangu."

Evelyn anakhala nawo pomwepo mpaka achibale atafika.

Bambo a Khairunisa anali mmwenye wa sitolo, amayi awo Myao. Sukulu yapafupi inali ya mishoni, ndipo bamboyo ankaopa kuti mwana wake akabatizidwa. Anawatumiza ku madrasa kokha. Atakwatiwa anabwera ku England mu 1976, nayamba kusoka zovala m'fakitale. Chingerezi cholankhula anachitola kuntchito, koma zowerenga zonse ankawawerengera ndi amuna awo. Ngakhale mwana wawo yekhayo, amene anakwatiwa ku Canada, ankangoganiza kuti amayi ake ali ndi vuto la maso.

Itatha miyezi imene mkazi wachisilamu amabindikira m'nyumba amuna ake akamwalira, Evelyn anakawaona kunyumba kwawo, m'dera la Highfields. Anawauza za kalasi ya akuluakulu yophunzitsa kuwerenga ndi kulemba imene inkachitika Lachiwiri lililonse m'holo ya tchalitchi china chakale.

Mayi Khairunisa anapukusa mutu. "Bambo anga anandikaniza ndili mwana. Ndikalowe m'tchalitchi lero, nditamera imvi?"

"Sakakufunsani za chipembedzo, Anti. Akakufunsani dzina basi. Ndikafinisha shifiti ndidzakupikani tipitire limodzi."

Alamu awo, a Noorjahan, atamva anabwera tsiku lomwelo. "Achimwene angogona kumene, inu mukufuna kumaoneka pakhomo la tchalitchi. Kumzikiti atiyesa anthu otani?"

Mawu amenewo anawalemera, pakuti anthu a kumzikiti ndiwo anali abale awo onse m'dziko lachilendoli. Lachiwiri loyamba anafika pageti n'kubwerera. Lachiwiri linalo anauza Evelyn kuti mutu ukuwapweteka. Koma m'nyumba munali zii, ndipo mapiritsi awo a shuga ankangowazindikira ndi mtundu wa bokosi. Tsiku lina kufamase anasintha bokosi, mayiwa n'kukhala osamwa mankhwala mpaka mnansi atabwera kudzawawerengera. Sabata yotsatira anavala mpango wawo bwinobwino, anapemphera, nakalowa m'holomo.

Mphunzitsi anali mzungu wotchedwa Charlotte. Atawapatsa pensulo kuti akopere dzina lawo, Mayi Khairunisa anayambira kudzanja lamanja kulowera kumanzere. Ena anaseka. Charlotte anawafunsa chifukwa chake, ndipo iwo anayankha mwamanyazi kuti ndi mmene amawerengera Kurani.

"Ndiye kuti kuwerenga mumakudziwa kale," anatero Charlotte. "Ine ndingokuonjezerani zilembo zina."

Pa zaka 59 zimene anali nazo, panalibe amene anawauzapo kuti amadziwa kuwerenga.

Sizinali zophweka. Zilembo b ndi d zinkawasokoneza miyezi yambiri. Zala zinali zitauma ndi nyamakazi ya pamakina osokera. Akapita kogula nyama, amayi ena ankasiya kucheza iwo akangolowa. Komabe akamaliza pemphero la m'bandakucha sankagonanso. Ankakhala patebulo n'kumalemba mpaka kunja kutayera.

Tsiku lina Charlotte anatenga kalasi yonse kukaona mkati mwa tchalitchicho. Mayi Khairunisa anazengereza pang'ono, kenako anatsatira anzawo. Charlotte anafotokoza kuti nyumbayo inamangidwa zaka zoposa mazana asanu ndi atatu zapitazo. Nthawi imeneyo mapemphero ankachitika m'Chilatini, chimene anthu wamba sankachimva. Ambiri ankaphunzira nkhani za m'Baibulo poona zithunzi za pamakoma. Sukulu itayamba pakona ina ya tchalitchicho, inali ya anyamata okhaokha.

"Nanga atsikana?" anafunsa Mayi Khairunisa.

"Ambiri ankatsala kunyumba. Zinatenga zaka mazanamazana kuti zisinthe."

Ali m'basi pobwerera, mayiwa anauza Evelyn kuti: "Ine ndinkayesa kuti azungu anabadwa akuwerenga. Kani agogo awo aakazi anali ngati ine ndemwe." Kuyambira tsikulo anasiya kudzitcha mbuli. Anasiyanso kuwasungira mangawa bambo awo, poona kuti mantha amene bamboyo anali nawo analiponso mwa makolo a mitundu ina.

Mu 2018 analemba mayeso oyamba ndipo analephera. Zowerenga anakhoza, koma polemba nthawi inatha asanafike pakati. A Noorjahan anangoti, "Mwaonatu. Khalani pansi, mwakula."

Anakhaladi pansi mwezi wathunthu. Evelyn sanawakakamize. Ankangobwera kudzamwa tiyi, n'kumawafunsa maganizo pa za ana ake awiri, amene ankamva Chichewa koma n'kumayankha m'Chingerezi. Tsiku lina akutsanzika, Mayi Khairunisa anamugwira dzanja.

"Lachiwiri usadzandipike. Ndipita ndekha. Dzina la basi ndimaliwerenga tsopano."

Chaka chotsatira analembanso ndipo anakhoza. Anaimbira foni mwana wawo ku Canada n'kumuuza zoona zake, kuti maso awo analibe vuto zaka zonsezo. Mwanayo analira, iwo n'kumutonthoza.

Koma sanalekere pomwepo. Ankadziwa amayi ambiri amsinkhu wawo, ochokera ku Limbe, ku Zomba, ena ku Chipata, amene ankabisa vuto lomwelo ndipo sakanalimba mtima kupita kuholo ya tchalitchi. Ankadziwanso kuti chipinda cha madrasa chimakhala chopanda anthu m'mawa, popeza ana amabwera madzulo akaweruka kusukulu. Anapempha akuluakulu a mzikiti kuti awabwereke. Poyamba anawayankha kuti chipindacho ndi cha maphunziro a Mulungu okha. Iwo anapempha kuti akaonekere okha pamaso pa akuluakuluwo.

Anayankhula modekha. "Azibambo anga, ine ndinaphunzira ku madrasa ndipo ndimanyadira. Koma pitani mukafunse kunyumba kwanu. Ndi amayi angati amene angathe kuwerenga botolo la mankhwala inu mutachoka? Inetu ndinadziwa mochedwa."

Mkulu wina, amene akazi ake ankasoka limodzi ndi mayiwa kufakitale, anati awapatse makiyi.

Pofika kumapeto kwa 2019, m'chipindamo munkasonkhana amayi oposa khumi Lachinayi lililonse. Charlotte anawapatsa mabuku. Evelyn akakhala pa ofu ankabwera kudzathandiza, atafunda mpango kumutu, ndipo anabweretsanso amayi awiri a kutchalitchi kwake. A Noorjahan sanabwere, ndipo moni wawo unakhalabe wozizira. Zimenezo zinkawapweteka Mayi Khairunisa, koma kalasi sinaime.

Iwo eni sanasiye kukhala mwana wa sukulu. Analembetsa maphunziro a mbiri yakale, akuti akufuna kumvetsa bwino mmene atsikana anayambira kuloledwa m'kalasi, ku England ndi ku Malawi komwe. Amalembabe pang'onopang'ono, ndipo samabisa.

Owerenga, zimene Mayi Khairunisa anataya sizinabwerere, ndipo zanunso zina sizidzabwerera. Koma zaka zimene zatsala ndi zanu. Ngati pali chimene mwakhala mukubisa chifukwa cha manyazi, chitchuleni kwa munthu mmodzi sabata ino. Mukalephera, pumani, kenako mudzukenso. Musadziweruze kuti mwakula, ndipo mtima wanu musautaye.