Ufa wa Jinsengi ndi Njira ya Kudimba

Akazi anga atayamba kusochera popita kudimba, mwana wathu wamkazi anabwera ndi ufa wa muzu wamankhwala wotchedwa jinsengi kuchokera ku Chipata.

"Atate, mankhwalawa anawayesa pa mbewa," anatero. "Zinayamba kukumbukira njira."

Ine ndakumba mbewa kuno ku Mlolo kuyambira ubwana. Mbewa siiwala una wake, imwe mankhwala kaya isamwe. Ndinamuuza choncho, iye anakwiya.

Ufawo ndinkawathirirabe amayi ake m'phala, koma sindinaudikire kuti ugwire ntchito. Ndinatenga khasu n'kulambula njira imodzi yotakata kuchokera pakhomo mpaka kudimba. Tinjira topatuka ndinatseka ndi minga. Anansi anadandaula, ndinawauza kuti azizungulira. Mpaka lero akazi anga amakathirira ndiwo okha, n'kubwerako okha.