Nkhope ya Apongozi a Mapopa

Ngati munametetsapo ku Lundazi boma, ntchito ya Mapopa Mtonga munaiona. Mitu ija ili pa makoma a ometa ndi yake. Ng'ombe ija ikumwetulira pakhomo la butchala, ngati sikudziwa zimene zikuchitika mkatimo, ndi yakenso. Ine ndine Danwell, ndimakonza njinga kuseri kwa msika. Shedi yanga ndi ya Mapopa zinatsamirana kalekale, moti fungo la penti ndalipuma mokwana.

Mapopa anabadwira kwa Mphamba, m'banja la alimi a fodya. Ali mwana anatenga khala n'kujambula bambo ake pachipupa akugona m'munda nthawi yopalira. Chithunzicho chinafanana kwambiri moti amayi ake anaima n'kuchilalatira. Kusukulu aphunzitsi anamusandutsa wojambula matchati a matumbo ndi mapapo, ndipo anamaliza giredi seveni akudziwa zonse za m'mimba mwa munthu, koma masamu ayi. Atabwera kuboma anayamba ndi maburashi a mchira wa ng'ombe. Mphatso yake inali yakuti akakuona kamodzi basi, nkhope yako yatsala m'mutu mwake. Ngakhale makina osindikiza zikwangwani atafika ku Chipata, anthu ankabwerabe kwa iye.

Nkhope imodzi yokha ndi imene analibe: ya aNyazgambo, mayi wa mkazi wake Olipa. Kwathu kuno mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso. Ambirife masiku ano timangoweramitsa mutu pang'ono, zatha. Koma Mapopa mwambowu anaumwa wonse ndi nsenga zomwe. Chikwatirire, akangoona chitenje chawo patali ankalowa m'chimanga. Tsiku lina analowa m'ngalande ndi njinga yomwe, ndipo gudumu ndinawongola ndine. Nawonso aNyazgambo anali ouma mutu chimodzimodzi. Akamva kutsokomola kwa mkamwini, nsalu kumaso.

Amuna awo atamwalira, iwonso thupi linayamba kuvuta, ndipo Olipa anawatenga kuti akhale pafupi ndi chipatala. Tangoganizani anthu awiri othawana pabwalo limodzi, chimbudzi chimodzi. Ndinachita kumupatsa Mapopa belu la njinga. Analimangirira palamba, n'kumaliliza pa ngodya iliyonse ya nyumba yake yomwe.

Ndiye Olipa anamuuza mawu amene anatisowetsa mtendere tonse.

"Atate ake Lukundo, amama akudwala. Boma yonse mwaijambula, na ng'ombe zomwe. Ine nikhale nilibe nkhope ya amai anga?"

Mudzafunsa za foni. ANyazgambo ankati aliyense wojambulidwa pafoni amathera pa malaya a pamaliro. Mdzukulu wina anayesa mobisa, foniyo inakagona mumgolo wa madzi. Chithunzi cha pachitupa chawo chinachapidwa kambirimbiri pamodzi ndi chitenje, moti chinangotsala ngati mbatata. Koma za penti anavomera. Anati penti imayenda pang'onopang'ono, siingapitirire munthu.

Poyamba Mapopa anakhala chofulatira, achibale n'kumamufotokozera. Vuto linali lakuti aliyense ankafuna kufanana ndi mayiwo. Mlamu wake anapereka mphuno yake, azakhali anapereka chipumi chawo, Olipa n'kumakuwa kuti makutu achepetsedwe. Chithunzi chitaumikidwa panja, bambo wina wodutsa anatsika panjinga n'kuyamba kulira. Akuti anali amalume ake amene anasowera ku migodi.

Nzeru ya kalilole inali yanga, ndipo ndimainyadirabe. Koma Mapopa anati tiyambe tafunsa a Philemon, mkulu wa mpingo, ngati kuona m'kalilole ndi kuonanso. A Philemon anaganiza mpaka tiyi wawo anazizira. Kenako anagamula kuti kalilole mmodzi ndi kuyang'ana ndithu, koma awiri ndi mphekesera chabe. Tinabwereka awiri a minibasi yakufa. Ine ndinagwira wina, a Philemon wina, Mapopa pakati chofulatira. Anaona mtambo, anaona mbuzi, anaona m'mphuno mwa a Philemon. Dzuwa litawalira mayiwo kumaso anatitukwana m'Chitumbuka chakale chimene sitinachimve chonse. Tsiku limenelo tinapindula khutu limodzi.

Tinayesanso chithunzithunzi. Anawakhazika mayiwo pafupi ndi khoma dzuwa litapendeka, Mapopa n'kumatsatira mthunziwo ndi khala. Ndi duku lawo lija, ndiponso mlomo uli chotupa ndi fodya, pakhomapo panatuluka ketulo.

Tonse tinkaseka, ineyo kuposa onse. Koma Olipa anasiya kuseka. Mayi ake ankatha tsiku ndi tsiku, ndipo nkhope imene tinkaisakasakayo inkachepa tikuchita zamasewera. Ndinamva chisoni, komanso ndinakwiya. Ndinamuuza Mapopa kuti ulemu wake wasanduka uchitsiru, angotukula mutu kamodzi, palibe amene adzafe. Anandiyankha kuti mutuwo ngwake koma chilolezo si chake. Anakhala m'shedi masiku angapo osagwira burashi, ndipo ngakhale wabutchala atabwera kudzafuna nkhumba anamubweza.

M'mawa wina Olipa anatiitana. Anati tibwere ndi bolodi ndi penti, akalilole tisiye. Tinapeza aNyazgambo atakhala pampando pakhonde, atavala diresi lawo la kutchalitchi, kumaso kulibe nsalu. Mapopa anagwada patali, maso padothi. Ine ndinaima ndi bolodi m'manja.

"Mkweni," anatero mayiwo, kutanthauza mkamwini, "vulani belu ilo. Nalema nalo. Manje niyang'aneni."

"Amama, sizingatheke."

"Nanena ndine. Mwambo ni wanga, nauchotsa."

Khosi la Mapopa linachedwa kumvera. Linakwera pang'onopang'ono, kuyambira kumapazi, m'mawondo, mpaka anafika. Anayang'ana nthawi yaitali osaphethira. Koma mayiwo nkhope yawo inaloza pambali pang'ono, cha kumene kunali ine. Apo m'pamene ndinaona kuti maso awo onse awiri anali atayera ndi ng'ala.

"Mwaniona?" anafunsa.

"Nakuonani, amama."

"Na ine nimafuna nikuoneni. Koma nachedwa, nikuona chabe utsi. Sendelani."

Mapopa anayenda ndi mawondo. Mayiwo anamugwira kumaso ndi manja onse awiri, chipumi, mphuno, ndevu, ngati akusankha fodya. A Philemon akanakhalapo sindikudziwa akanagamula zotani.

"Olipa ananiuza kuti simuoneka bwino," anatero. "Sananame. Koma mwanisunga."

Mapopa anajambula tsiku lonselo osadya. Makwinya, duku, kachipsera ka pachibwano, zonse zinabwera mosavuta. Atafika pa maso anaima. Olipa anapempha kuti awajambule monga analili kale, akuthwa aja amene ankamuona ngakhale ali kuseri kwa nkhokwe.

"Amenewo sininawaone," anatero Mapopa.

Kenako mayiwo anakodola mwana wawo.

"Tengani maso a Olipa. Ni anga omwewo, ninamubweleka chabe."

Olipa anakhala pamphasa pafupi ndi mayi ake. Mapopa anayang'ana mkazi wake, n'kumaviika burashi. Zinatenga nthawi chifukwa masowo ankangodzaza misozi, iye n'kumadikira kuti aume. Atamaliza ndinatembenuza bolodi kuti onse aone.

"Nafanana?" anafunsa aNyazgambo.

Anayankha ndi Mapopa, amene pa tonsefe anawadziwa mochedwa.

"Mwafanana, amama."