Makope Asanu ndi Awiri a Achimwene

Ndinadzuka tambala asanalire, msana uli gwa chifukwa chotsamira khoma la m'siwa usiku wonse. Amayi a kutchalitchi anali atasiya kuyimba, ena akusinza atafunda zitenje kumutu. Pakati pa chipinda panali bokosi la achimwene anga a Felikisi, limene linafika dzulo lake madzulo kuchokera ku Joni. Mayi athu anakhala kumutu kwa bokosilo, dzanja lili pachivundikiro, akunong'ona m'Chilomwe: “Mwanaka, mwanaka,” ndiye kuti mwana wanga.

Panja kunali chiperoni. Kamvula kake kosamveka padenga kanali katanyowetsa nkhuni zonse, ndipo amayi ophika ankalimbana ndi moto kuseri kwa nyumba, maso ali ofiira ndi utsi. Abambo anali atazungulira chitsa chimene chinayaka usiku wonse, ena atavala majumbo pamwamba pa majekete. Phiri silinkaoneka n'komwe. Adzukulu anadutsa ndi makasu ndi mafosholo, osalankhula ndi munthu.

Ndinakadzutsa Tiyamike, mwana wa achimwene, amene anagona kunyumba yoyandikana nafe. Ali ndi zaka khumi. Mayi ake anamwalira iye akuyamwa, ndipo bambo ake atapita ku Joni kukapenta nyumba za anthu, iye ali ndi zaka zinayi, anatsala m'manja mwanga. Pa zaka zisanu ndi chimodzi achimwene anabwerako kawiri kokha.

Koma Lamulungu lililonse foni yanga inkalira, n'kufika tsamba limodzi la zithunzi. Achimwene ankajambula kuyambira tili ana, ndi makala pakhoma la bafa, mpaka kukwapulidwa nazo. Ali ku Joni anayamba kumujambulira Tiyamike nthano ya m'timabokosi, anthu ake akulankhula m'timabwalo totuluka pakamwa. Inali ya loboti dzina lake Dzimbiri, yopangidwa ndi zitsulo zotsala za fakitale ya tiyi, m'masiku a m'tsogolo pamene minda yonse inauma, mtsinje wa Likhubula n'kusanduka mchenga, anthu n'kuthawa. Dzimbiri inatola kamtsikana pamsewu, n'kukabereka kumbuyo ndi chitenje, n'kumayenda nako kufunafuna kwawo. Tiyamike anaphunzirira kuwerenga pa foni yanga yong'aluka galasi, akukulitsa zilembo za bambo ake ndi zala ziwiri.

Kutacha anthu anayamba kufika. Ena anachokera ku Chinakanaka pa njinga, ena m'minda ya tiyi atavala mapulasitiki awo a kuntchito. Kunabwera abale a kutsidya kwa malire amene ndinawaona komaliza ndili mtsikana. Kunabweranso ana a sukulu, gulu ndithu, ataima pamodzi pansi pa nthochi. Ndinadabwa nawo, mpaka mphunzitsi wawo anandiuza kuti Tiyamike ankawafotokozera za Dzimbiri Lolemba lililonse pa nthawi yopuma, ndipo ena ankakopera lobotiyo kumapeto kwa makope awo a masamu.

Cha m'ma naini, bambo amene anaperekeza thupi kuchokera ku Joni anaitana achibale kuti apereke katundu. Anali munthu wa ku Phalombe, wotopa, maso olowa. Katunduyo anali chikwama chimodzi: mathalauza atatu, ovolosi yothimbirira penti, nsapato, ndi jumbo yomangidwa bwino ndi lamba wa mphira. M'jumbomo munali makope asanu ndi awiri a chikuto cholimba.

Amalume, amene ndi mwini mbumba kwathu, anatsegula limodzi. Anaona chinthu cha mutu wa ndowa, maso a matochi, chitanyamula mwana pakati pa mitengo yopserera ndi mafupa a ng'ombe. Anatseka msanga. Mayi wina amene anasuzumira anabwerera m'mbuyo, ndipo ndinamva kunong'onezana kukuyenda pakhonde. Amalume anati zinthu zotere si zosunga m'nyumba muli mwana, zilowe m'manda pamodzi ndi mwini wake.

Sindinayambe ndawayankhapo amalume chibadwire. Ndinagwada pamatope pomwepo.

“Amalume, pepani. Zimenezi ndi makalata a mwanayu. Bambo ake analibe njira ina yomulerera.”

Amene anandithandiza ndi bambo wa ku Phalombe uja. Anati ankagona chipinda chimodzi ndi malemu, anthu asanu, ndipo ena akapita kokamwa Loweruka, achimwene ankatsala atakhala pa chigubu cha penti, kope lili pabondo. Anati ngakhale m'chipatala, masiku asanu amene anadwala chibayo, anapempha pensulo. Amalume anapukuta kumaso ndi chipewa, n'kundipatsa jumboyo. Ndinakaibisa m'dengu la ufa kuchipinda kwa mayi.

Nthawi yoona nkhope itakwana, anthu anandanda kuyambira pakhomo mpaka kumsewu. Ndinamugwira Tiyamike paphewa n'kulowa naye. Anayang'ana pagalasi la bokosi kamphindi, nkhope yake osasintha. Kenako anandikoka chitenje.

“Azakhali, ndikufuna ndione manja awo.”

Ndinamuuza kuti bokosi lochokera kunja satsegula, linamatidwa komweko. Anafunsanso kachiwiri, mwaulemu, ngati kuti mwina sindinamve. Nditapukusa mutu, m'pamene analira, koyamba chifikire uthenga. Analira mokuwa, akumenya bokosi ndi zikhatho, mpaka amayi awiri anamunyamula kutuluka naye. Inenso manjawo ndinkawafuna. Nkhope ya pagalasiyo inali ya munthu wonenepa, wotuwa, amene mzinda wina unatisungira. Koma manja ndikanawadziwa: chala chachikulu chopindika, ndi chipsera cha chikwanje chimene ndinawatema nacho mwangozi tikusenda nzimbe.

Mwambo unatenga nthawi. Analankhula a kubanja, a kumudzi, kenako abusa analalikira ambulera itagwiridwa pamutu pawo. Onse anati malemu anali munthu wofatsa, wosayambana ndi anthu. Za kujambula palibe anatchula.

Tinanyamuka cha m'ma wani. Njira ya kumanda imadutsa m'mphepete mwa munda wa tiyi, ndipo inali yoterera moti onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi. Othyola tiyi anaima, madengu ali kumsana, abambo atavula zipewa. Nyimbo inkayambira kutsogolo n'kukafika kumbuyo mochedwa, ngati nyimbo ziwiri. Ndinayenda pambuyo pa mayi, ndikuyang'ana zidendene zawo zong'aluka zikulowa m'matope, ndikukumbuka tsiku limene tinawaperekeza achimwene pa Boma kukakwera minibasi. Anati zaka ziwiri zokha, akapeze malata basi.

Kumanda dothi linali lolemera ndi madzi. Linkagwa pabokosi ndi mdidi umene ndimaumvabe. Tiyamike anaika nkhata yake ya maluwa a m'mpanda, n'kubwerera kudzaima kutsogolo kwanga, msana wake utatsamira pamimba panga.

Pobwerera anthu anasamba m'manja, anadya, n'kuyamba kubalalika. Pofika madzulo mabenchi a kutchalitchi anali atabwezedwa, pabwalo patangotsala phulusa lonyowa ndi mapazi a anthu. Mayi anagona chafufumimba pamphasa pamene panali bokosi. M'nyumba munali zii, moti ndinkamva madontho akugwa kuchokera ku malata.

Tiyamike anabwera kudzandifunsa za makope. Ndinawatulutsa, n'kupukuta ufa, tinakhala pakhomo pamene panali kuwala pang'ono. Sanayambire koyamba, zimenezo ankazidziwa pamtima. Anatenga lachisanu ndi chiwiri n'kupita kumene foni inalekezera.

Kunali masamba anayi amene sitinawaonepo, a pensulo yokha, osadetsedwa ndi inki. Timabwalo ta mawu tinalipo, koma m'kati mwake munalibe chilembo. Dzimbiri inali itathyoka mwendo umodzi, ikutsimphina ndi ndodo, kamtsikana kaja tsopano kakuyenda kokha patsogolo. Anawoloka mlatho. Anakwera kamtunda. Patsamba lomaliza anaima pa nyumba, ndipo nyumbayo inali yathu ino: zenera lathu lotsekedwa ndi lata, mwala wonolera mipeni, ndi mtengo wa mapeyala pakona, wodzaza masamba, wokhawo wamoyo m'dziko lonse louma lija.

Mtengowo anadzala okha achimwene chaka chimene Tiyamike anabadwa. Unagwa ndi mphepo zaka zitatu zapitazo, tinauwaza nkhuni.

Tiyamike anayang'ana pakona pamene pali chitsa, n'kuyang'ananso pakope.

“Simunawauze?”

“Sindinawauze. Ndinkati ndidzawauza akadzabwera.”

Anagwedeza mutu ngati munthu wamkulu. Sanatseke kopelo. Tinakhala pomwepo, lili pamiyendo pake, mpaka mdima unatilanda mizere ya pensulo.