Anachotsa Enelesi pa Chithunzi Ife Tili pa Maliro

Dandaulo langa loyamba ndinalilemba mu Disembala 1998, mvula itangoyamba. Lachiwiri ndinalemba chaka chatsopano chitalowa, lachitatu nthawi yokolola. Makope ake onse ali m'fayilo muno, pamodzi ndi yankho limodzi lokha limene ndinalandira. Chaka chikukwana tsopano ndipo kumene ndinalembera kuli zii. Nchifukwa chake ndabwera kwa inu owerenga, kuti zimene zinandigwera ine zisagwere wina. Ndivomere poyambirira kuti mbali ina ya tsokali inadzera pakamwa panga. Pa maliro a mwana wanga munthu anandifunsa funso laling'ono, ine ndinamuuza kuti adikire.

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala ku Mnkhanya. Nditasiya choko ndinayamba kulemba zikwangwani za magolosale ndi za m'njira zopita ku maloji, kogona alendo odzaona nyama. Mwana wanga Enelesi ankagwira ntchito mu ofesi ya loji ina ku Mfuwe, ndipo ndiye ankayendetsa kompyuta ya pamalopo. Kudzera mu imelo, makalata oyenda pa kompyuta aja, anadziwana ndi gulu la anthu a m'mayiko osiyanasiyana amene ankapanga mapulogalamu osagulitsa. Lamulo lawo linali lakuti chimene wapereka chimasanduka cha onse. Aliyense ali ndi ufulu wochikopera, kuchikonza kapena kuchisintha. Enelesi anandiwerengera lamulolo ndipo ine ndinaliyamikira, ndinati ndi mmene timalimira munda wa mpingo.

Gululo linkafuna chithunzi choika pa sikirini, chija chimaoneka ukangoyatsa kompyuta usanatsegule kanthu. Enelesi anabwera kunyumba Loweruka lina ali ndi nkhaniyi pakamwa asanatsike n'komwe panjinga.

"Atate, munaziona zithunzi za chigwa chathu zimene alendo amagula? Njovu, mvuu, njovunso. Ngati kuno kulibe anthu."

Ndinamufunsa ngati akuganiza kuti anthu a kunjawo akusowa tulo pofuna kuona amayi ake.

"Adzawaona basi, afune asafune. Inu tengani pensulo."

Tinagawana ntchito motere. Ine ndinkajambula ndi pensulo, chinthu chilichonse pa pepala lake: mtsinje wouma m'chilimwe, mitengo ya mchenja, njovu kutsidya, ndi amayi atatu akukumba mchenga kuti atunge madzi. Pakutha pa mwezi Enelesi ankakwera minibasi kupita nawo mapepalawo ku Chipata, kumene kunali makina olowetsa pepala mu kompyuta. Akabwerera ankalumikiza zidutswazo n'kuika mitundu, nthawi ya nkhomaliro ndi Lamlungu masana, abwana ake atamuloleza. Kenako ankatumiza kwa anzakewo, iwonso n'kuonjezera zawo.

Sindinama, inali ntchito yokoma. Wina anakonza thambo bwino kwambiri. Wina anapaka udzu wobiriwira, Enelesi anamulembera kuti abwere kuno mu Okutobala adzatisonyeze pamene anauona. Winanso anachepetsa makutu a njovu zanga, tinaseka mpaka amayi ake anatuluka m'khitchini kudzafunsa ngati tamwa. Makalata onsewa Enelesi ankandisindikizira pa pepala, ine n'kumasunga motsatana. Anthu amenewo sindinawaonepo, komabe ndinafika powadziwa khalidwe, kuti uyu ndi wamakani, uyu ndi waulemu, uyu amalemba asanaganize.

Pali chinthu chimodzi chimene ine sindidziwa kujambula, nkhope ya munthu. Pa zikwangwani sipafunika nkhope. Amayi atatu aja ndinawasiya ndi mitu yopanda maso, ndipo mapepala amene ndili nawo lero ali choncho. Nkhopezo anaziika Enelesi pa kompyuta, kadontho ndi kadontho, kwa miyezi. Woyamba anamupatsa nkhope ya amayi ake. Wachiwiri ya azakhali ake. Wachitatu, amene waimirira ndi ndowa pamutu, anali iye mwini, ndipo anadzijambula akuyang'ana pa kagalasi ka m'chikwama. Anandiitana ku ofesi kuti ndikaone chitatha. Ndinamuuza kuti mphuno waichepetsa.

"Ndi chithunzi changa, atate. Mphuno yanu ija ndakhala nayo nthawi yokwanira. Koma amama musawauze, ndifuna adzaone chikatuluka."

Ndinachiona kamodzi kokhako.

Makalata a pa loji ankadutsa pa wailesi, ndipo chithunzi chathunthu chinali cholemera moti sichikanadutsa. Choncho kumapeto kwa Sepitembala Enelesi anapita ku Chipata kukachitumiza pa foni kwa mtsogoleri wa gulu. Pa kompyuta ya loji anachifafaniza chifukwa malo anali ochepa ndipo makinawo anali a ntchito za eni ake, koma anasunga kope pa madisiki, timbale tating'ono tija. Anabwerako mutu ukumupweteka. Tinati ndi fumbi la mumsewu. Anali malungo, anakwera kumutu, ndipo sabata lisanathe tinali titamuika m'manda.

Inu owerenga, mvetserani bwino apa, pakuti ndi pamene panalakwika.

Tili pa maliro, Mayi Tembo, amene ankagwira naye ntchito mu ofesi, anabwera kudzagwada pafupi ndi mpando wanga.

"Atate, pepani. Anzake a Enelesi a chithunzi aja akulembabe. Ndiwayankhe chiyani?"

Ndinati awasiye. Ndinati alamu anga, malume ake, asanafike palibe wokhudza za Enelesi.

Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Munthu akamwalira katundu wake amasonkhanitsidwa n'kutsekeredwa, ndipo palibe amatsegula kapena kulankhula m'malo mwa womwalirayo mpaka malume ake atabwera kudzagawa. Ine ngakhale ndine bambo wake, pa zimenezi ndine mlendo, ndipo sindinafune kuti a kuchikazi adzanene kuti mphunzitsi uja anayamba kufufuza m'zinthu za mwana wathu manda asanaume. Malume ake, a Sakala, amagwira ntchito ku migodi ku Kitwe. Pa maliro sanathe kufika, ndipo tchuthi anawapatsa kumapeto kwa Novembala.

Uthenga wa maliro tinautumiza kulikonse. Tinatuma wa njinga ku Malama, tinapatsira madalaivala a minibasi makalata, tinaimbira ku Lusaka. Anthu amene mwana wanga ankalankhula nawo tsiku ndi tsiku kwa miyezi yonseyo ndi okhawo amene sitinawauze. M'mutu mwanga makalata awo anali katundu, osati anthu.

Mayi Tembo anamvera. Ankangosindikiza makalatawo osawerenga, n'kumaika mu envulopu. Madisiki anawabweretsa pamodzi ndi sweta ndi kapu ya Enelesi, ndipo zonse zinalowa mu thiranki yachitsulo. Thirankiyo inakhala m'chipinda cha malata, chitseko chotseka, Okutobala yense. Amene mumadziwa kutentha kwa chigwa chino mwezi umenewo mwadziwa kale zimene ndikufuna kunena.

A Sakala atafika tinakhala pansi, anatsegula, anagawa zovala ndi ziwiya monga mwa mwambo. Atafika pa madisiki anawatembenuza uku ndi uku.

"Alamu, timbale iti n'ta nyimbo? Tengani ndinu, ine wailesi yake ndilibe."

Madisikiwo anali atapindika ndi kutentha. Mayi Tembo anayesa imodzi imodzi, kompyuta inkangolira kuti gwe gwe gwe, osatulutsa kanthu.

Tsiku lomwelo ndinatsegula envulopu ija n'kuwerenga makalata motsatana ndi masiku ake. Oyamba anali oyamikira. Kenako mmodzi anadandaula kuti kumanzere kwa sikirini ndi kumene kumakhala tizizindikiro totsegulira mapulogalamu, ndipo mayina a tizizindikiroto sakuwerengeka pamwamba pa zitenje za amayi aja. Anapempha kuti amayiwo achotsedwe, patsale mchenga. Wina anakana, anati afunsidwe mwini wake. Mtsogoleri analemba kuti Enelesi ayankhe pasanathe masabata awiri, ndipo akapanda kuyankha atenga kuti wavomera, popeza ndi mmene gululo limachitira pa nkhani iliyonse. Anamukumbutsanso kawiri. Wina, pofuna kuseketsa anzake, anafunsa ngati mkango wamudya.

Kalata imeneyo ndinaiwerenga nditakhala pakhonde, manda a Enelesi akuoneka poteropo.

Mu Disembala chimbale cha pulogalamu yawo chinafika ku loji pa positi, cholembedwa dzina la Enelesi. Mayi Tembo anachiika mu kompyuta yakale n'kunditumira uthenga. Ndinapalasa njinga m'matope. Mitengo yanga inalipo. Njovu zanga zinalipo, makutu ake abwinobwino. Thambo linali lokongola. Kumanzere kunali mchenga wokhawokha, ndipo pamene panaima mwana wanga ndi ndowa pamutu panali kachizindikiro ka bini yotayamo zinyalala. Pansi pakona analemba dzina lake ndi timalemba ting'onoting'ono, kuti ndiye anajambula. Mtsikana amene anayamba ntchito yonseyi chifukwa chokana chigwa chopanda anthu, dzina lake likuyenda m'mayiko pa chigwa chopanda anthu.

Nditafika kunyumba amayi ake anali pa mphasa akusankha mtedza. Anali atamva kuti chithunzi cha Enelesi chafika.

"Mwamuona?"

Ndinati makina anavuta. Patapita masiku ndinawauza zoona, ndipo sanandikalipire. Anangofunsa kuti anawajambula atavala chitenje chiti. Ine sindinakumbuke. Chithunzi cha Enelesi chimene tili nacho m'nyumba muno ndi ka pa reji kokha, chitupa cha boma chija, kojambulidwa ali mtsikana wa sukulu, nkhope ili gwa ngati wagwidwa ndi mlandu.

Dandaulo loyamba ndinalemba pa manja, Mayi Tembo anatayipa n'kutumiza. Ndinafotokoza kuti Enelesi anamwalira, ndinapempha kope la chithunzi chathunthu monga anachitumizira kuchokera ku Chipata. Yankho linabwera limodzi. Linali laulemu, linapepesa za imfa. Linati mtsogoleri wakale anamaliza maphunziro ake n'kusiya gulu, ndipo sakudziwa ngati anasunga zakale. Kumapeto linati chithunzicho n'chaulere, choncho ndili ndi ufulu wonse wobwezeretsapo anthuwo ndekha n'kuwatumizira.

Ndibwezeretse ndi chiyani? Dzanja limene linaika nkhopezo lili pansi pa dothi. Ufulu umenewo ndiutenge ndikaupatse amayi ake?

Ndine munthu wosunga mapepala, ndipo sindifuna kunamizira wina aliyense. A loji sanalakwe. Mayi Tembo anachita zimene ndinawauza. A Sakala anabwera tsiku limene anawamasula. Ngakhale a gululo anatsata lamulo lawo, ndipo anafunsa katatu, makalata ake ndili nawo. Koma chimene chimandiwawa n'chakuti munthu amene ankayankha kalata iliyonse tsiku lomwelo anangoti zii, ndipo mwa anthu onse ophunzirawo panalibe mmodzi woganiza zolembera ofesi ya loji kufunsa ngati ali bwino. Kuno mnzako akapanda kuoneka kumunda masiku awiri umapita kukagogoda. Sulima mzere wake n'kunena kuti wavomera.

Tsono inu owerenga, makamaka makolo anzanga, ana athu ayamba kugwira ntchito ndi anthu amene sitidzawaona ndi maso. Afunseni anawo akadali moyo kuti anthuwo ndi ndani ndipo amapezeka bwanji. Tsoka likagwa, auzeni tsiku lomwelo monga muuzira achibale. Kunena kuti wamwalira sikugawa katundu, ndipo palibe malume angakudzudzuleni chifukwa cha zimenezo. Ine ndinazindikira mochedwa. Mwambo wotseka katundu sindikuunyoza, koma musanatseke thiranki funsani ngati muli chinthu chimene chingafe ndi kutentha, muchipereke kwa wa kuchikazi achisunge pamthunzi. Ndipo inu achinyamata amene mumapanga zinthu pamodzi pa makinawa, musachotse za mnzanu chifukwa choti wakhala chete. Yambani mwadziwa chimene chamukhalitsa chete.

Pomaliza, popeza ndamva kuti zolembedwa zimayenda kutali kuposa mwini wake, ndikupempha mwaulemu ndi mwalamulo kwa gulu lija, kwa amene anali mtsogoleri wake, ndi kwa aliyense amene analandira chithunzi chochokera ku Chipata kumapeto kwa Sepitembala 1998. Sindikufuna kuti musinthe chimene munatulutsa, ndipo sindikuimba munthu mlandu kukhoti. Yang'anani m'makina anu akale ndi m'madisiki amene munaponya m'madirowa. Mukachipeza, chisindikizeni pa pepala limodzi ndi mitundu yake, mutumize ku ofesi imene Enelesi ankalemberako, Mayi Tembo adzandipatsa. Ngati munachifafaniza, lembani mundiuze poyera kuti kulibe, kuti ndileke kupalasa njinga kupita ku Mfuwe Lachisanu lililonse. Maso a amayi ake a Enelesi ayamba kuchita nkhungu, ndipo ku chipatala atiuza kuti sabwerera m'mbuyo. Ndikupempha kuti nkhaniyi iyankhidwe iwo akadaona.