Nyemba Zofiira za ba Anti Lozina

Ndikukumbukira chaka chimene atate anachotsedwa ntchito ku fakitale, ine ndili ndi zaka khumi, tikukhala ku Kanyama m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Zinthu zinali zitathina mu Lusaka monse. Unga, sopo, mafuta ophikira, zonse zinali za pamzere. Amayi ankalawira mbandakucha kukaima pa sitolo, ndipo nthawi zambiri ankabwerako madzulo atapinda thumba m'khwapa. Atate anapita kumafamu a ku Mumbwa kukasaka maganyu. Masana pakhomo tinkatsala atatu: ine, mlongo wanga Yona wa zaka zitatu, ndi ba Anti Lozina, mlongo wawo wa atate, amene anabwera kudzakhala nafe ukwati wawo utatha.

Ba Anti ndinkawaopa koopsa, ndisaname. Sanali munthu wokalipa mokuwa ayi. Ankangokuyang'ana, kenako dzanja lawo n'kupita pamene panali mthiko. Ine pobadwa ndine wamantha, mpaka lero galu akauwa kuseri kwa mpanda ndimasintha njira, ndiye akandiitana kuti "Misozi!" ndinkayamba kupepesa ndisanadziwe n'komwe chimene ndalakwa.

Mvula itasiya, kamphepo kozizira katayamba, kutchalitchi analengeza kuti kubwera alangizi a zaulimi kudzaphunzitsa anthu a m'komboni kulima ndiwo pakhomo. Amayi anati, "Misozi, yenda iwe ukamvele, ine nili ku laini ya unga. Vamene bazakupasa ubwelese."

Alangiziwo anali mayi wonenepa wovala majombo, ndipo anafika pa njinga. Ankadziwa kuti ku Kanyama ukakumba pang'ono khasu limagunda thanthwe, choncho anatiphunzitsa kulima m'masaka. Unkathira dothi losakaniza ndi zitosi za nkhuku m'saka, n'kuboola m'mbali, n'kubzala repu m'mabowomo. Anati tizithirira ndi madzi otsukira mbale bola asakhale a sopo. Azimayi anafa nacho chiseko. Wina anati, "Sopo tizaiona kuti, ba madamu?"

Pomaliza anagawira khomo lililonse njere za repu ndi kathumba ka nyemba zobzala. Nyembazo zinali zofiira waliwali, zopakidwa mankhwala oteteza ku tizilombo ta m'nthaka. Apa mayi uja analeka kuseka. Anakweza kathumba m'mwamba nati, "Ivi si vakudya, mwamvela? Mankwala yaloba mukati. Olo musuke bwanji, siyachoka. Mwana akadya, ni manda."

Mawu akuti manda aja anandikhala pamtima. Kathumbako ndinakanyamula ndi zala ziwiri njira yonse, kutali ndi diresi yanga. Nditafika ndinawafotokozera ba Anti zonse, liwu ndi liwu, maso ndili pansi.

"Namvela," anatero. "Ika pamwamba pa kabati."

Repu tinabzala. Nyemba zinadikira chifukwa masaka anatithera. Ndiye sabata yotsatira unga unatheratu m'nyumba. Amayi anakung'untha thumba n'kuphikira Yona kaphala kamadzimadzi, tsiku linalo kunalibe ngakhale kameneko. Yona analira mpaka analeka kulira. Ankangogona pa mphasa akuyamwa chala, maso ali phee kudenga. Kungokhala duu kwakeko kunkandiopsa kuposa kulira.

Tsiku lotsatira ndikuchokera kusukulu masana, ndinamva fungo ndisanakhote pa ngodya ya nyumba yathu. Fungo la nyemba zakupsa. Mate anadzaza m'kamwa, ndinayamba kuthamanga ndikuganiza kuti atate abwera. Koma pafupi ndi chitseko ndinaona dothi lanyowa, lofiirira, pamene panatayidwa madzi. Ndinasuzumira m'nyumba. Pamwamba pa kabati panalibe kanthu.

Ba Anti anali pa mpando panja, Yona ali pamiyendo pawo. Mphika unali pa mbaula, makala atayamba kuzilala, nyemba zitapsa kalekale, koma sanali kupakula. Ankangoyang'ana chithunzithunzi cha khoma ngati munthu wodikira basi. Zimenezo ndinaziona ndithu, koma sindinazimvetse.

"Ba Anti," ndinatero, mawu akutuluka mong'ung'udza, "zija ni za mankwala."

"Nasuka. Nkala zii."

"Koma ba madamu benze bakamba ati..."

Anandiyang'ana. Ndinayang'ana pansi. Ndinaima nditagwira chikwama changa cha pulasitiki. Kwathu mwana satsutsa wamkulu, makamaka wakuchimuna kwa atate ake, ndiye ine ndinali ndani? Mumtima ndinkapemphera kuti amayi atulukire, kapena mnansi aliyense adutse, wina wamkulu anene mawu amene ine ndinkalephera. Msewu unali zii.

Patapita kanthawi ba Anti anapuma mozama, namukhazika Yona pansi. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kambale kake ka Yona, kachitsulo kobenthuka m'mphepete. Yona ataona kambaleko anadzuka, natambasula manja onse awiri.

Sindinganene kuti ndinalimba mtima, ayi. Mantha ena anangoposa ena basi. Ndinathamanga n'kuuponda mphika uja ndi phazi. Mbaula inagubuduka, msuzi wotentha unandithira pamwamba pa phazi, nyemba zinamwazika m'fumbi. Yona anakuwa n'kuyamba kukwawira kuti atole. Ndinamukankha, mwana wanjala, mlongo wanga yemwe, n'kuyamba kupondaponda nyembazo, kuzifotsera m'dothi ndi mapazi, ndikulira ngati wamisala.

Nditatukula maso, mthiko unali kale m'manja mwa ba Anti. Ndinagwada n'kufunda mutu ndi manja. Ndinadikira. Mthiko sunatere.

Chimene ndinamva ndi phokoso la munthu akusanza. Ba Anti anali atatsamira khoma, atawerama, thukuta lili kamukamu pankhope ngakhale kunali kozizira. Manja awo ankanjenjemera, dovu likutsika pachibwano. Zimene ankasanzazo zinali nyemba.

"Mayo! Ba Anti, mwadya?"

Anakhala pansi pang'onopang'ono. Mawu awo anali aang'ono, sindinawamvepo otero. "Nenze nadya ine poyamba, nione. Nayembekeza, nayembekeza. Nenze naona monga vili chabe bwino." Kenako anandigwira mkono mwamphamvu. "Yona sanadye, ayi?"

"Sanadye."

"Yenda uitane bantu."

Ndinakuwa mpaka komboni yonse inatuluka. Bana Chanda, amake Chanda, mnansi wathu wa Chibemba amene ankagulitsa makala, anabwera ndi wilibala ya amuna awo ili yakuda bii. Anayalamo chitenje, azibambo awiri n'kuwanyamuliramo ba Anti. Tinathamangira ku kiliniki m'misewu ya miyala ija, mutu wawo ukugunda chitsulo pa bampu iliyonse, ine pambuyo nditabereka Yona. Phazi lopsa lija sindinalimve n'komwe. Njira yonse ndinkangoyang'ana dzanja lawo likulendewera kunja kwa wilibala, ndikuopa kuti zala zikaleka kugwedera ndiye kuti basi.

Ku kiliniki anawatumiza kuchipatala chachikulu, ndipo anagonako masiku angapo. Amayi anatipeza titakhala pa khonde la kiliniki. Atamva nkhani yonse sanandiyamikire, sanandikalipirenso. Anangokhala pansi pambali panga n'kufunda chitenje kumaso. Madzulo ake bana Chanda anatipatsa mbatata zophika, Yona anadya mpaka kugona mbatata ili m'manja.

Ba Anti anachira, ngakhale m'mimba munkawavuta mpaka kukalamba kwawo. Nkhaniyi sanaitchulenso. Atabwerako anangondiitana, n'kuyang'ana bala la paphazi langa, n'kulimanga ndi kansalu koyera. Pomanga anati, "Ukapondenso poto yanga, uzaniona." Koma mfundo anaimanga mofatsa kwambiri.

Ndikukula ndinkaganiza kuti ba Anti sanamvetse za mankhwala zija, kuti anali munthu wosamva za ena. Ndinadzazindikira nditabereka anga, tsiku lina mwana wanga akulira njala ine ndilibe chomupatsa. Ba Anti anamva liwu lililonse limene ndinawauza. Alangizi ananena zoona, koma nyemba yobzala imafuna miyezi, pamene mwana anali ataleka kulira dzulo lake. Analibe dokotala woti amufunse, analibe china choyesera koma mimba yawo yomwe. Ine mantha anga anali a kanthawi kochepa, ndipo ndinali ndi mphika woti ndiuponde. Iwo anakhala pa mpando paja m'mawa wonse, mwana wa mlongo wawo ali pamiyendo, akumvetsera m'thupi mwawo ngati akufa kapena ayi, kuti akapanda kufa Yona adye.