Mawu a Madala Kuseri kwa Golo

Chaka chimene mawu anga anatsika n'kukhala a besi, ndili Fomu 3, ndinazindikira kuti ndikhoza kuyankhula ngati munthu aliyense wa m'komboni yathu ya Mbizo. Ndinayamba ndi ahedi athu. Ndinaima kuseri kwa zimbudzi n'kutsokomola ngati iwo, anyamata osuta fodya analumpha mpanda osacheuka. Kenako ndinatengera woitanira makombi, maminibasi a kuno, amayi onyamula madengu n'kumathamangira kombi yoti kulibe. Koma mawu amene ndinkawakonda kwambiri anali a madala, mkulu wina wa mu timu yathu ya mpira.

Timu yathu ndi ya ligi ya Lamlungu, ya ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Malawi ndi ku Mozambique kudzalowa m'migodi. Madala anayamba kutchinga kumbuyo ine ndisanabadwe. Dazi pamutu, imvi mbuu m'ndevu, mawondo onse awiri m'mabandeji, mawu osasa ndi fumbi la pansi. Kuthamanga anali atasiya kalekale. Ntchito yawo inali kulamula, ndipo ankalamula m'Chichewa kuti adani asamve. Akati "Tulukani," onse akumbuyo ankasunthira kutsogolo. Akati "Wanga, usiye," ngakhale goloboyi ankabweza manja. Anyamata ambiri obadwira kuno ukawalankhula m'Chichewa amayankha m'Chishona, koma mawu amenewa miyendo yawo inkawamva mutu usanaganize.

Bambo anga ndiwo anali wapampando wa timuyo. Chichokereni ntchito ku fakitale, mpandowo ndi umene unkawadzutsa m'mawa. Kunyumba anali munthu wongosuntha mpando kutsatira mthunzi, koma kubwalo anthu ankawapatsa malo pabenchi, n'kumawaitana kuti a tcheya. Ndiwo anapereka madala ku timu ya wogula golide wina wa ku Connemara. Ife tinalandira anyamata awiri othamanga ngati agwape ndi majezi oyera atsopano.

Mkangano unakhazikika pashedi ya wometa, pafupi ndi pokwerera makombi. Sunkatha. Unkangopuma makina ometera akamalira.

"A tcheya, ng'ombe yokalamba timagulitsa, inde," anatero wometa tsiku lina, "koma osati imene imatsogolera zinzake kudibi."

Dalaivala wa kombi, amene anali mbali ya bambo, anaseka. "Kudibi kwake kuti, achikulire? Tsiku lija mwana wasukulu anawadutsa ngati akudutsa pholo la magetsi. Mmene ankatembenuka n'kuti ife tili m'kombi kubwerera kwathu."

"Nanga agwape anu awiriwo agoletsa zingati?"

"Akuzolowera bwalo."

"Akuzolowera galasi langa ili. Loweruka lililonse ali pano, ati ndiwajambule mphezi m'mutu."

"Inu chikukupwetekani n'choti madala ankakubweretserani mutu wosavuta, wopanda tsitsi."

Ine ndinkathandiza mmene ndingathere. Moto ukayamba kuzilala ndinkapita kwa dalaivala kukanena kuti wometa akuti kombi yake ndi yokalamba kuposa madala koma sakuigulitsa. Ndikatero ndinkabwerera kwa wometa ndi yankho lopeka ndekha. Pofika madzulo anali atagwirana malaya.

Tsiku lina bambo anatopa nazo. Anadzuka pampando wometera, tsitsi atametedwa mbali imodzi, nsalu ili m'khosi.

"Tamverani nonse. A ku Connemara akubwera kumapeto kwa mwezi, madala anuwo ali momwemo. Akatigonjetsa pabwalo lathu, mpando ndisiya tsiku lomwelo. Metani mbali inayi."

Kuyambira pamenepo m'nyumba simunakhalike. Bambo ankadzuka pakati pa chakudya kukaima pakhomo, kubwerera, kufunsa amayi ngati mphepo ya mwezi uno imawomba kuchokera ku golo ya kumtunda kapena ya kumunsi. Amayi ankati akafunse mphepoyo. Majezi oyera aja ankabwera kwathu Lamlungu lililonse ali ofiira ndi dothi, ndipo wochapa ndinali ine. Bambo ankaima pambali pa bafa kundionetsa pamene patsala litsiro.

Tsikulo linafika ndi fumbi lake. A ku Connemara anabwera pa lole, akuimba, ena atavala zipewa za mumgodi. Madala anatsika pomaliza, chammbuyo, mwendo umodzi umodzi. Jezi yobiriwira inawathina pamimba. Anapita kubenchi kukapereka moni kwa bambo ndi manja awiri, bambo n'kuyankha akuyang'ana nsapato za madalawo. Ine ndinakaima pamalo panga pa nthawi zonse, kuseri kwa golo yathu, pamene pamaima anthu opanda udindo.

Chigawo choyamba mmodzi wa agwape aja anawadutsa madala n'kugoletsa. Dalaivala anathamanga kuzungulira theka la bwalo kukavina pamaso pa wometa. Bambo sanadumphe, anangokonza kolala. Titabwerera kopuma alendo anabweza chigolicho, ndiye bambo anayamba kuyenda kutsogolo kwa benchi, uku ndi uku, ngati munthu wodikira kunja kwa chipatala. Zikanathera pamenepo mpando ukanakhala wawo.

Nthawi itatsala pang'ono, alendo anapeza kona. Madala anabwera kutsogolo mwapang'onopang'ono n'kuima pakati pa anyamata athu awiri, omwe anawaphunzitsa okha kumenya mpira ndi mutu. Anyamatawo anawapatsa kampata, mwaulemu. Mpira unanyamuka, ukubwera bwinobwino m'manja mwa goloboyi wathu.

Ndinganame nditati ndinaganizira za majezi kapena za mpando. Pakhosi ndi pamene pankayabwa. Anthu anakangana mwezi wathunthu za miyendo ya madala, popanda ndi mmodzi yemwe wotchula za mawu awo, ndipo mawuwo ndinali nawo ine. Ndinaweramira kumbuyo kwa mayi wogulitsa chimanga chootcha n'kutulutsa kuchokera pansi pa mimba.

"Wanga, usiye!"

Goloboyi anabweza manja ngati wakhudza mbaula. Anyamata awiri aja anabweza mitu. Mpira unadutsa pakati pawo, unagunda bondo la madala, pabandeji penipeni, n'kugubuduka pang'onopang'ono kulowa mu ukonde. Madala anauyang'ana ngati galu wa eni walowa m'nyumba mwawo.

Zimene zinatsatira ndimazisekabe ndikakhala ndekha. Goloboyi anathamangira woimbira akulira kuti madala abera. Woimbirayo anali Mndebele, Chichewa sankachimva, ndiye anangofunsa kuti kodi anena chiyani. Anyamata atatu anayamba kumumasulira nthawi imodzi, wina m'Chishona, wina m'Chingerezi. Iye anati waona munthu wotseka pakamwa akugundidwa ndi mpira, basi, n'kuloza pakati pa bwalo.

"Mwamva?" wometa ankafunsa aliyense, akumugwira paphewa. "Mawu okha agoletsa. Munagulitsa mawu, a tcheya. Miyendo mukanawapatsa ulere."

"Kuba kumeneko," anatero dalaivala. "Munthu wamkulu, wa mpingo."

"Ndiye bwanji ana anu anamvera?"

"Analeredwa bwino. Ndi mlandu?"

Mpira utatha madala sanapite kukavina ndi anzawo atsopano. Anadutsa kuseri kwa golo akumasula bandeji, n'kuima pafupi nane ngati akusankha chimanga.

"Iwe mfana," anatero motsitsa, osandiyang'ana, "ine 'usiye' sindimukoka choncho. Ndimadula. Ukakonze."

Anagula chimanga chimodzi n'kupita kulole.

Bambo sanadikire kuti wina awakumbutse. Anatenga thumba la mipira ndi makiyi a kachipinda kosungira ukonde, n'kuziika pabenchi anthu onse akuona. Komiti inasankha wometa kukhala wapampando pomwepo. Pobwerera kunyumba ndinkayenda kumbuyo kwawo, patali poti dzanja silingafike. Titadutsa pamsika anayankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Madala aja sanatsegule pakamwa. Ine ndimawayang'ana."

"Mwina mphepo, bambo. Munkaifunsa ija."

Anaima, inenso ndinaima. Kenako anapitiriza kuyenda.

Lamlungu lotsatira ndinkayesa akhala kunyumba, koma nthawi itakwana anavala jekete lawo. Kubwalo anafika mpaka pafupi ndi benchi, anaona wometa atakhala pamalo paja miyendo atapingasa, ndiye anakhota ngati ndi kumene ankapita n'kudzaima kuseri kwa golo, pambali panga. Manja anasowa powaika. M'thumba, kumbuyo, m'thumba kachiwiri. Anthu ankadutsa n'kumangoti "Mwaswera bwanji, bambo."

Ndinapirira mpaka pakati pa chigawo choyamba. Kenako ndinatembenukira kumbali n'kuitana ndi mawu a dalaivala, mokweza ndithu.

"A tcheya."

Wometa kubenchi anadzutsa mutu. Bambo nawonso anatembenuka msangamsanga, msana utawongoka. Anapeza kumbuyo kwawo kuli mayi wa chimanga yekha, akukupiza makala. Anamuyang'ana kanthawi, kenako anasendera pafupi n'kuyamba kumufotokozera kuyambira pachiyambi kuti miyendo ya madala inali itatha, ndipo atapatsidwanso mpata angawagulitsenso mawa lomwe.